Nsapato za Amalume Zuze

Ndikakumana ndi munthu ndimayamba ndayang'ana nsapato zake. Nkhope ndimaiona pambuyo. Anzanga a pamsika wa ku Dambwa amandiseka, amati ndi matenda a ntchito, poti ndimagulitsa nsapato za salaula, zovalidwa kale. Ndimawasiya aganize choncho. Khalidwe limeneli ndinali nalo kale ndisanagulitsepo ngakhale chingwe cha nsapato.

Loweruka lina Mutinta, mwana wa mwana wanga wamkazi, anandikakamiza kutseka kantemba kanga ka nsapato dzuwa likadalipo. Akuti kusukulu anawauza kuti apite ndi makolo ku myuziyamu ya m'tauni, kumene amasungako zinthu zakale. Ndakhala mu Livingstone zaka zambiri, ndadutsa pakhomo pa nyumba imeneyo kosawerengeka, koma ndinali ndisanalowemo. Ndinkati ndi za alendo obwera kudzaona mathithi. Ndinakana, mwanayo anaumirira. Ndinavala chitenje cha kutchalitchi, tinakwera minibasi.

Mkatimo munali zii. Tinaona mabwato, mikondo ndi ng'oma. Kenako Mutinta anandikokera pa bokosi lina lagalasi.

"Ambuya, onani ivi. Anavipeza mu manda yakudala, kufupi na Zambezi. Ba ticha bakamba ati ni chuma cha dziko yathu, tonse tifunika kunyada navo."

M'bokosimo munali zibangili zamkuwa, mtanda wamkuwa, ndi timikanda tachikasu tating'ono ngati mapira. Anazipukuta bwino. Anaziunikira ndi getsi. Ndinamusiya Mutinta pomwepo, ndinakakhala pabenchi la alendo. Mnyamata wolondera, waulemu ndithu, anandifunsa ngati ndili ndi shuga. Ndinati inde. Shuga ndilibe. Zinthu ngati zimenezo ndinazionapo zili ndi dothi, ndipo ndinayenda nazo ulendo umodzi.

Ndikulemba izi chifukwa cha Mutinta ndi anzake obadwira kuno, amene kulira kwa mfuti amakumvera pa foni.

Ndinabadwira tsidya lina la malire, ku Mozambiki. Tinkalankhula chinenero chomwechi, ndiye malirewo tinkangowamva kwa anthu oyenda. Nkhondo inafika kwathu nditangotha msinkhu. Sitinkafunsa kuti a mfuti awa ndi a mbali iti. Onse ankafuna mbuzi, ufa, ndi anthu owanyamulira katundu. Mchere unatha m'sitolo. Sopo tinamuiwala. Amuna ena ankavala masaka atawaboola pakhosi.

Bambo anga anali mkulu wa adzukulu, anthu okumba manda ndi kuika maliro. Sanali munthu wa mawu ambiri. Manda okumba iwo ankadziwika ndi ngodya zake, zowongoka ngati za nyumba ya njerwa, ndi kachipinda ka m'mbali kogonekamo mtembo kuti dothi lisaugwere kumaso. Kwathu mdzukulu akagwira za kumanda sadya ndi anthu, ndipo sakhudza munthu, mpaka ntchito ithe, mkazi wake kapena mlongo wake amuthirire madzi m'manja. Sadzithirira yekha, ngakhale mtsinje uli pomwepo. Ndinakula ndikuona amayi ataima kumapeto kwa mudzi ndi chikho cha madzi, akudikira bambo.

Chaka china mvula inagwa yoopsa, mtsinje wa kwathu unagumula gombe. Madzi ataphwa, oweta mbuzi anaona mafupa akusuzumira m'dothi. Anali manda akalekale. Ngakhale okalamba a m'mudzi sankadziwa kuti ndi a ndani. Zambiri madzi anali atapita nazo. Panatsala mafupa ochepa ndi zimene mwini wake anavala: zibangili, mtanda wamkuwa ndi timikanda tachikasu. Bambo ataona kuchepa kwa zibangilizo anati anali mayi.

Anamutola ndi adzukulu anzawo, anakamuika m'mphepete mwa manda a mudzi, patsinde pa mtengo wa msolo. Ine ndinatumidwa kukawasiyira madzi akumwa panjira, ndiye malowo ndinawaona ndi maso anga. Bambo anati nkhaniyo ithere pomwepo. Anati zinthuzo ndi za mwini wake, ndipo amene azikamba za golide atiitanira alendo.

Mmodzi wa adzukulu a tsikulo anali amalume Zuze, mlongo wawo wamng'ono wa amayi. Anali osakwatira, okonda kuseka, aulesi pang'ono kumunda. Ndi amene anandiphunzitsa kuliza mluzu ndi tsamba la udzu. Ndinkawakonda kuposa abale onse a amayi.

Patapita milungu amalume anapita kuboma wapansi. Anabwerako ndi nsapato. Zakuda, zachikopa, zolira poyenda, m'mudzi mopanda mchere. Ana anawatsatira mpaka pakhomo pathu. Anati anagwira ganyu yotsitsa matumba pa lole. Amayi anafunsa kuti matumbawo anali a chiyani, iwo anangoseka. Bambo anayang'ana nsapatozo nthawi yaitali. Kenako anapitiriza kunola nkhwangwa.

Pambuyo pake kunabwera munthu wogulitsa mchere amene palibe ankamudziwa. Mchere wake unali wotchipa moti munthu wanzeru akanadabwa. Pachitsime anafunsa ana kuti manda a golide ali mbali iti. Mcherewo tinagula, sindinama. Koma tsiku lomwelo amayi anamanga kamtolo, anakaika kuseri kwa chitseko.

Tsiku lothawa ndinkayanika ufa pamphasa. Nkhuku zinkandivutitsa. M'mamawa bambo ndi amalume anali atatenga makasu kulowera kumanda, chikhalirecho m'mudzi munalibe maliro. Ndinafunsa amayi. Anati ndisamale ufa.

Mfuti yoyamba inalira cha kusukulu. Nkhuku ndi zimene zinayamba kuthawa. Ine ndinaima ndi lichero m'manja, ndikuganiza zowola kaye ufa. Kunalira ina, kenako zambiri. Utsi unakwera cha kusitolo. Mayi wa nyumba yoyandikana nafe anadutsa akuthamanga, atanyamula mtondo pamutu. Mpaka lero sindidziwa kuti ankapita nawo kuti.

Amalume anatulukira kuseri kwa nkhokwe, nsapato zili matope okhaokha. Anali okha. Pachifuwa anakumbatira phukusi lomangidwa ndi malaya a bambo, akhaki, a chigamba chabuluu paphewa.

"Alongo, tiyeni. Alamu ati titsogole."

"Ali kuti?"

"Ati titsogole."

Amayi anayang'ana malayawo, anayang'ana mlongo wawo. Analowa m'nyumba, anatenga kamtolo, chikho ndi kakhasu kawo kopalira. Ufa tinausiya pamphasa.

Tinakwera kaphiri ka kuseri kwa mudzi. Pamwamba pake, pakati pa miyala, manda ankaoneka bwino. Amuna a mfuti anali atazungulira, ena atakhala pa mitumbira ya anthu, akusuta. Pakati pawo bambo anali m'dzenje, opanda malaya, akukumba. Sankakumba pa msolo paja. Ankakumba kutali, cha kumadzulo, kumene kunalibe kanthu. Ankakumba pang'onopang'ono. Ndinawaona akuima, akuwongola ngodya ndi khasu monga ankachitira masiku onse.

Amalume anati titsike. Amayi sanasunthe. Ndinkaganiza kuti awakoka dzanja, koma sanawakhudze. Anangoima chapatali, akuti, "Alongo, chonde." Tinatsika. Titafika kudambo la kuseri kwa phiri, mfuti inalira kamodzi. Palibe anatembenuka.

Amayi analankhula nane titapuma koyamba, amalume atapita kutsogolo kukaona njira. Analankhula motsitsa, maso ali kwina. Anati a mfuti aja za mandazo sanachite kulota, pali amene anawauza. Anati pali amene watenga chuma n'kusiya amuna awo m'dzenje. Dzina sanatchule. Anali mlongo wawo wa bere limodzi, amene anamubereka kumsana ali khanda.

"Uziyang'ana manja ake. Akangoitana munthu, usandidikire."

Mtima unandiwawa, chifukwa amalume ndinkawakonda. Koma amayi ndinawakhulupirira.

Vuto linali lakuti njira ya ku Zambia ankaidziwa ndi amalume okha. Anayendapo kale, kukasinthanitsa fodya ndi nsalu. Ife tinali tisanapitirirepo msika wa pafupi ndi kwathu. Ndiye tinkatsatira munthu amene tinkamuopa, ndipo panalibe wina womutsatira.

Anthu ena othawa analowera kumsewu. Amalume anatipatutsa, anatilowetsa m'tchire. Anati mumsewu anakwiriramo mabomba. Amayi anandinong'oneza kuti m'tchire mulibe mboni.

Mumchenga wa m'makhwawa nsapato zija zinkadinda bwinobwino, chidendene ndi mizere yake. Phazi lopanda nsapato ndi la aliyense. La nsapato ndi la msilikali, kapena la munthu amene akufuna kuti ena amutsatire. Amayi anandithyolera nthambi. Ndinkayenda kumbuyo chowerama, ndikufafaniza. Msana utandipweteka mpaka kulephera kuwongoka, amayi anati, "Zuze, vula nsapatozo." Amalume anavula pomwepo osatsutsa. Anamanga zingwe, anazikoloweka m'khosi. Amayi anati wavula msanga kwambiri. Kuyambira pamenepo nsapatozo zinkalendewera kumsana kwa amalume, patsogolo pa maso a amayi, ulendo wonse.

Phukusi linkalira akapunthwa, kulira kwa chitsulo. Anasolola udzu, analowetsamo kuti litonthole. Sankaliika padothi. Popuma ankayamba athyola masamba n'kuyala. Kukayamba kuwaza mvula ankaliphimba ndi thupi lawo. Amayi anati ndione mmene munthu amalerera chuma.

Amalume sankadya nafe. Tinapeza munda wa chinangwa umene eni ake anausiya. Anauloza ndi ndodo, ndinakumba ndine. Nditawapatsa chawo anati ndiike pamwala. Anakadyera uko, atatifulatira. Pa khwawa lina lozama amayi anaterereka, amalume anawatambasulira ndodo m'malo mwa dzanja. Amayi anaikankha ndodoyo, anakwera ndi maondo. Anati munthu akamakana kudya nawe ndiye kuti akudziwa chimene chikukudikira.

Ndimadabwa nazo mpaka lero. Amayi anali mkazi wa mdzukulu, anaima ndi chikho kumapeto kwa mudzi zaka zonse zija. Koma m'tchire muja sanazindikire chimene chinali pamaso pawo. Inenso sindinazindikire. Tonse tinkaona nsapato.

Tinadutsa mudzi wina wotenthedwa. Nkhokwe zinali zikufukabe utsi, fungo lake la chimanga chowotcha, ndipo m'mimba mwanga munalira. Ndinachita manyazi. Galu woonda anatitsatira pang'ono, kenako anabwerera kukagona pa phulusa la nyumba ya mbuye wake.

Tsiku lina masana amalume anatiimitsa mwadzidzidzi. Anatilozera mpata wa pakati pa miyala iwiri, anati tilowe, tisatuluke mpaka timve mluzu wa udzu. Anapita ndi phukusi lawo. Tinakhala. Nyerere zinkandikwera m'miyendo. Kenako tinamva mawu a amuna, ambiri, ndi kulira kwa mbuzi. Amayi anagwira kakhasu ndi manja awiri, anandikankhira kumbuyo kwawo. Anati, "Wabwera nawo." Mawu aja anafika pafupi moti ndinamva wina akutsokomola. Anapitirira. Patapita nthawi mluzu unalira, amalume anabwera okha, m'mimba ndi pachifuwa muli fumbi logonera pansi. Anati anali a mfuti, akuyendetsa anthu atawasenzetsa katundu. Ine mtima unakhala pansi. Amayi anafunsa funso limodzi, kwa ine osati kwa iwo: anadziwa bwanji kuti adutsa nthawi imeneyo?

Tinayenda masiku angapo. Sindinawerenge. Mapazi a amalume anang'ambika ngati athu.

Mtsinje wa malire sindiutchula dzina, ndipo amene akuwerenga asavutike kundifunsa. Tinafikapo dzuwa lili paliwombo. Tsidya linalo azimayi ankachapa, zovala atayanika pamiyala. Ndinamva belu la njinga. Ndinali nditaiwala kuti kuli anthu amene amayenda akuliza belu.

Amalume sanatsikire kumadzi. Anakhotera kumtunda, pamalo pamene madzi safika ngakhale mtsinje utadzaza, anaima.

"Alongo, ndibwerekeni kakhasu. Ikani pansi, ndidzitolera."

Amayi anakafumbata. "Ukufuna ubise kuti udzabwere kudzatenga."

"Ayi, alongo."

"Amuna anga unawagulitsa kwa yani, Zuze?"

Amalume anagwada, anayala masamba, anamasula malaya a bambo. Anachotsa udzu uja. Zibangili zinali zobiriwira, zomatana ndi dothi. Panali mtanda wamkuwa. Panali timikanda tachikasu, atatimanga pakona ya malaya. Pansi pa zonsezo panali mafupa ofiirira, opepuka, ndi chibwano cha mano ochepa. Amayi anakhala pansi pomwepo. Ulendo wonse tinkati tikuthawa atatu. Tinali anayi.

Amalume analankhula maso ali pa mafupawo.

"Chibangili chimodzi ndinatenga ine, tsiku lomuika lija. Ndicho nsapato izi. Wogulayo anandimwetsa mowa, anandifunsa kumene ndinachipeza. Ndinanena."

Zotsalazo anafotokoza mwachidule. Bambo anadziwa tsiku lomwe anaona nsapato. Atamva za wamchere uja, anawauza amalume kuti atenge khasu, akamuchotse mayiyo asanabwere anthu odzamumwaza. Anali atangomutulutsa pamene mfuti inalira. Bambo anavula malaya, anamukulunga. Anati atenge mayiyo, atenge mlongo wake ndi mwana, ndipo akamuike pabwino asanawoloke, chifukwa dothi lake ndi lino. Bambowo anati atsala. A mfutiwo akanapanda kupeza munthu kumanda, akanafunsa nyumba ya mkulu wa adzukulu, ndipo pakhomo pa nyumbayo panali ine ndi ufa wanga.

Amayi anaika kakhasu pansi.

Amalume anakumba mpaka dzuwa linapendeka. Ife tinakhala tikuyang'ana, Zambia ali pomwepo, belu la njinga likumveka. Ndinkaopa kuti a mfuti atipeza chifukwa cha munthu amene anamwalira agogo a agogo anga asanabadwe. Ndinakwiya naye mayiyo, ndinamuda ndithu. Amalume anawongola ngodya. Sizinawongoke ngati za bambo, koma anayesetsa. Anakumbanso kachipinda ka m'mbali.

Atafuna kuchotsa malaya a bambo kuti awapatse amayi, amayi anapukusa mutu.

"Muike nawo. Maliro awo ndi omwewa."

Anaika zonse. Sipanatsale mkanda ndi umodzi womwe, ndikudziwa chifukwa ndinkayang'ana manja awo monga anandiuzira amayi. Pomaliza anavula nsapato m'khosi, anaziika kumapazi kwa dzenje. Anakwirira. Sanaumbe mtumbira. Anasalaza, anamwazapo masamba ouma.

Kenako anabwera, anaima patsogolo pa amayi, anatambasula manja. Anali ndi matuza ophulika ndi dothi lofiira.

Amayi anatsikira kumtsinje ndi chikho. Anachedwa kumeneko. Anabwera nacho chodzaza, anaima. Uyu anali munthu amene pakamwa pake panaphetsa amuna awo. Analinso munthu amene anatifikitsa pamtsinje tili amoyo. Popanda madziwo sakanadya nafe, sakanalowa nafe m'nyumba ya munthu tsidya linalo. Ndinkafuna kuti athire. Ndinkafunanso kuti asathire. Amayi anakweza chikho, anachipendeketsa.

Amalume anabweza manja kumbuyo dontho lisanagwe.

"Ayi, alongo. Ntchito sinathe. Alamu ali pamtunda."

"Zuze."

"Dzenje anakumba okha. Watsala wokwirira. Sungani madziwo, ndikubwera."

Anatola kakhasu. Kwa ine anati nditsogole, ndiziponda pamene pali miyala yoyera. Anabwerera njira yomwe tinadzera, opanda nsapato. Sanathamange.

Tinawoloka. Madzi anali a m'chiuno. Amayi ananyamula chikho chodzaza m'mwamba ndi manja awiri, kamtolo ndinasenza ine. Mmodzi wa ochapa aja anaseka poona munthu akuwolotsa madzi pamtsinje. Ataona nkhope zathu analeka.

A mudzi wa tsidya lija nawonso sanatikhulupirire msanga, ndipo sindiwadzudzula. Amuna anatifunsa ngati pali otitsatira. Anatimasulitsa kamtolo. Munali bulangeti, mpeni, ndi mchere uja. Mayi wina anatipatsa phala ndi pogona m'khitchini mwake. Amayi anaika chikho pakona, anachivundikira ndi mbale. Patapita masiku kunabwera lole yotitengera kumsasa wa othawa nkhondo. Amayi anasiya mawu kwa mayi uja kuti akadzabwera mwamuna wopanda nsapato, wa kakhasu, adzamulozere kumene tapita. Pa lole chikho anachifungata pamiyendo. Msewu unali wa mabampu, madzi ena anatayikira pachitenje. Amayi analira, koyamba chichokereni kwathu.

Kumsasa, lole ikabwera ndi anthu atsopano, amayi ankathamangira kugeti. Nkhope sankazikhulupirira, chifukwa anthu othawa nkhope zimafanana. Ankayang'ana pansi, kufunafuna mapazi aatali a chala chachikulu chokhota. Ine ndinkaima pambali pawo, ndikuyang'ana pansi nanenso.

Nkhondo itatha anthu ena anabwerera. Munthu wina wa kwathu anatitumizira mawu. Anati kumadzulo kwa manda kuli mtumbira umodzi woumbidwa bwino, ndipo palibe akudziwa amene anaukwirira. Za amalume palibe anamvapo kanthu.

Ine ndinakwatiwa ndi mwamuna wa ku Petauke wogwira ntchito ya njanji, ndi amene anatibweretsa kuno ine ndi amayi. Amayi anamwalira ku Dambwa konkuno. Anawanyamula anyamata a kampani ya maliro, atavala magolovesi oyera. Atamaliza anatsegula mpopi, anasamba okha.

Titabwerako ku myuziyamu, Mutinta sanandisiye. Shuga uja sanamukhulupirire, mwanayu anatengera ine. Ndinamukhazika pansi, ndinamuuza zonsezi. Anamvetsera osagwira foni. Nditamaliza anandifunsa.

"Manje ambuya, ni pati? Ngati mukumbuka, tingauze ba ku myuziyamu. Chingankhale chuma cha dziko, bantu bonse baone."

Ndi mwana wabwino, sananene ndi mtima woipa. Ndipo za m'galasi zija akuzisunga bwino, ana akuphunzirapo, sinditsutsa. Koma dziko lake liti? Mayi uja anaikidwa malire asanalembedwe. Anafukulidwa ndi madzi, anafukulidwa ndi bambo anga, pano wafunda malaya awo. Munthu mmodzi anangonena pamene ali, pa mowa, ife tinasiya ufa pamphasa. Ndinamuyang'ana Mutinta, ndinayang'ananso nsapato zake, zimene ndinamupatsa ndine. Ndinati ndinaiwala. Sindinaiwale.

Chikho chija chili kuchipinda kwanga, pamwamba pa kabati, chovundikira ndi mbale. Palibe amamwera. Madzi a mtsinje uja amayi sanawataye. Anauma okha kumsasa, nyengo yotentha, ndipo m'mawa mwake amayi anakatunga ena. Chimwalirireni amayi, ndimatunga ndine.